Kodi Cholinga cha Moyo Chingakwane M'kapu ya Mwana?

Mchengautuwa ndi dera lina la anthu ambiri mumzinda wa Mzuzu, ndipo dzina lake m'Chitumbuka limatanthauza mchenga woyera. Monga m'madera ena a m'tauni, nyumba zopemphereramo ndi zochuluka, ndipo Lamulungu lililonse anthu amamva funso lakalekale: kodi Mulungu anandilengera chiyani? Funsoli si lachilendo. Katekisima wamfupi wa Westminster, amene analembedwa mu 1647 ndipo ndi cholowa cha mipingo ya Chipresibeteriya, amayamba ndi nkhani yomweyi. Potuluka m'tchalitchi, mayi wobereka mwana kumbuyo amadutsa pa golosale pomwe pali timabotolo ta yogati, mwanayo n'kutambasula dzanja. Ambiri anganene kuti funso la m'tchalitchi ndi dzanja la mwanayo n'zosakhudzana. Ine ndikuona kuti n'zokhudzana kwambiri.

Tiyambe ndi chakudyacho. Yogati ndi mbale wake wa chambiko. Mkaka amauwiritsa, nausiya kuti utsale wofunda, kenaka amathiramo yogati wakale pang'ono. Tizilombo tabwino tokhala m'menemo timasandutsa shuga wa mumkaka kukhala wowawasa, ndipo mkakawo umalimba. Alimi a ng'ombe za mkaka ozungulira Mzuzu, monga a ku Lusangazi ndi Kavuzi, ndiwo gwero la mkaka wa m'derali. Achipatala amalangiza kuti khanda liziyamwa bere lokha kwa miyezi 6, kenaka lizipatsidwa zakudya zina uku likuyamwabe kufikira zaka 2. Apa ndi pomwe kachakudya konga aka kamathandiza, chifukwa kali ndi zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa zimene phala la mgaiwa lopanda nsinjiro silingapereke mokwanira.

Nkhaniyi si yamasewera. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. Kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha koma ubongo womwe, ndipo mwana akapitirira zaka 2 kumavuta kukonza. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene lero akusowa mkaka ndiye adzavutike kumva masamu ali Sitandade 5, makolo ake n'kumamunena kuti ndi waulesi.

Tsono pali chiphunzitso china chimene chafala masiku ano, chonena kuti cholinga cha moyo ndi chinthu chachikulu chimene chili patsogolo: ulendo wa ku Johannesburg, galimoto, udindo, dzina lomveka. Alaliki ena amauza anthu kuti chitseko cha zimenezi chimatsekuka munthu akapereka ndalama yotchedwa mbewu. Taganizirani za mayi wogulitsa tomato amene watsala ndi kandalama kamodzi m'nsonga ya chitenje. Akakapereka, mwana agona ndi tiyi wopanda mkaka. Akagulira mwana chakudya, mtima umutsutsa kuti wamana Mulungu. Kodi mayiyu achite chiyani? Kupereka kwa Mulungu ndi chinthu chabwino, ndipo mipingo yathu yamanga sukulu ndi zipatala ndi zopereka za osauka. Koma mlaliki amene achititsa mayi kuona ngati mimba ya mwana wake ikupikisana ndi Mulungu wamusocheretsa, ngakhale atalalika mokoma chotani.

Uthenga Wabwino wa Marko umasimba za mwana wamkazi wa Yairo amene Yesu anamuukitsa kwa akufa. Chodabwitsa n'chakuti, anthu ali kakasi ndi chozizwitsacho, Yesu analamula kuti mwanayo apatsidwe chakudya. Amene anali atangogonjetsa imfa sanaone kuti nkhani ya chakudya cha mwana ndi yomuchepera. Akhristu ena anazindikira zimenezi. Likuni Phala anatenga dzina lake ku Likuni, pa mishoni ya Akatolika pafupi ndi Lilongwe. Bungwe la Mary's Meals, limene Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland analiyambitsa, linayamba kuphikira phala ana a m'Malawi mu 2002. Anthu ameneyu ndi anzake sanapeze maitanidwe awo kumwamba kwa mitambo, anawapeza mumphika.

Wina angatsutse kuti munthu si mimba yokha, ndi kuti Marita anadzudzulidwa chifukwa chotanganidwa ndi zophika pamene Mariya anali kumvetsera mawu. Kutsutsaku kuli ndi nzeru. Ng'ombe nayo imayamwitsa mwana wake, koma sidziwa chifukwa chake. Chimene chikhulupiriro chimawonjezera ndicho kudziwa kuti kamwana kotaya yogati pamalaya aka kanalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, kotero kuti kukadyetsa ndi kutumikira Mwini wake. Marita sanalakwe pophika. Analakwa pophika ndi mtima wodandaula, ataiwala amene anali kumuphikira. Ndipo tisanamizane: kugula sikutanthauza kukonda nthawi zonse. Yogati wambiri wa m'sitolo ali ndi shuga wochuluka, ndipo pali makolo amene amamugula kuti anansi aone botolo m'manja mwa mwana. Chambiko chosatsekemera chosakaniza ndi nthochi yakupsa chimaposa zimenezo, ngakhale kuti palibe amene angachiyamikire pamsewu.

Chimene chimandivuta kumvetsa ndi abambo. Pamisonkhano ya chitsitsimutso amakhala kutsogolo, kupempha kuti Mulungu awaululire ntchito yaikulu imene anawakonzera. Koma mukawafunsa kuti mwana wawo wa chaka chimodzi wadya chiyani chikhalire m'mawa, amatembenuka n'kuyang'ana mayi ake.