Musanagwire Sompho, Dziwani Mtengo

Ana anga, inu amene mwayamba kusema ziboliboli, tcherani khutu. Luso lanu ndalionadi, koma dziwani kuti nkhalango ikatha, ntchito yanuyi ithera pomwepo.

Phingo amene alendo amamulimbirana m'misika ya ziboliboli amakula mochedwa zedi. Kuti mtima wake wakuda uja ukhwime, pamadutsa zaka 70 kapena kuposerapo. Chipika chomwe mwagoneka pamiyendo panucho chinamera agogo anu akadali ana. Ndiye musachithamangire. Chitembenuzeni kaye, muone pomwe chinapindika, pomwe pali mfundo, pomwe kuyera kwa kunja kwakumana ndi kuda kwa mkati. Chithunzi chili momwemo kale, inu mungochitulutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukapeza mpata, pitani ku Mua m'boma la Dedza, ku malo a zaluso a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Mukaone momwe amisiri akumeneko amasemera mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao pa mitengo ya kwathu konkuno. Mtengo wosemedwa motero sunafe pachabe.

Kumbukiraninso zomwe zaonekera mkungudza wa ku Mulanje. Mtengo umenewu sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi kupatula paphiri lija, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Chifukwa matabwa ake ndi onunkhira komanso chiswe sichiwadya, anthu anaucheka mozemba usana ndi usiku, moto wolusa n'kupsereza timitengo tongomera kumene. Lero mitengo ikuluikulu ija yatsala pang'ono kutheratu. Zimandiwawa mumtima, ndipo sindifuna kuti phingo, mlombwa, mbawa ndi muwanga zitsate njira yomweyo.

Choncho musagule chipika chakuba, ngakhale chitchipe bwanji. Funani mitengo yogwa yokha. Katundu wa tsiku ndi tsiku semani pa mango kapena jakaranda, phingo mumusungire ntchito yomuyenera. Tizidutswa musasonkhezere moto. M'menemo mutuluka ndolo, zipeso ndi timasupuni. Pa ziboliboli zanu ikanipo masamba ndi zipatso za mitengo yathu, kuti wogula akafunsa, mumuuze dzina la mtengowo ndi komwe umamera.

Koposa zonse, nyengo yobzala mitengo ikayamba mu Disembala, bzalani mbande, muzitchingire mbuzi, ndipo chilimwe chikafika muzilambulire kuopa moto. Phingo amene mubzaleyo simudzamusema inu, ndikudziwa. Bzalanibe, pakuti amene akukudyetsani lero naye simunamulere ndinu.