Pansi pa kapeti

Pikapu yakale imayamba kufera pomwe timaponda. Madzi amalowa ndi nsapato nthawi ya dzinja, ena amadontha pa labala wa galasi lakutsogolo akauma, n'kukabisala pansi pa kapeti. Kumeneko dzuwa silifika. Dzimbiri limadya mwakachetechete mpaka tsiku lina ukavundukula kapeti uja n'kuona msewu.

Kakonzedwe koyenera n'kodziwika. Umadula chitsulo chonse chowola mpaka utafika pa cholimba, n'kusema chigamba cholingana, n'kuwotcherera pang'onopang'ono, apa kadontho apo kadontho, kuti chitsulo chopyapyalacho chisapindike ndi moto. Ukapala ndi girayinda umapaka penti yoteteza ku dzimbiri, kenako seam sealer m'mizere yonse, mkati ndi kunsi komwe. Ntchito ya tsiku lathunthu, mwinanso awiri. Njira ina ndi ya ola limodzi: kachidutswa ka lata pamwamba pa dzimbirilo, mariveti anayi, silikoni wa m'bafa, kapeti n'kubwezera. Silikoni uja wonunkha ngati viniga amatulutsa asidi akamauma, ndiye amadyetsa dzimbiri lomwe amati akulitsekera. Koma kapeti ikayalidwa, ntchito ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi.

Funso lomwe limandisowetsa mtendere ndi ili: ngati palibe adzaone, makaniko wosankha njira yachidule walakwira ndani?

Mnzanga wina wapagalaja amandiseka ndikafunsa zimenezi. Amati, "Aise, iwe umalemba, ine ndimadyera manja. Munthu wabwera ndi ndalama ya chigamba, ndimugwirire ntchito ya galimoto yatsopano?" Ndipo sindimutsutsa msanga. Hilux idayamba kupangidwa mu 1968, Nissan 1400 idasiya kupangidwa ku South Africa mu 2008, koma zakale zambiri zikuyendabe chifukwa cha anthu ngati iye, odziwa kulumikiza ndi zomwe zilipo. Kunena kuti chigamba chilichonse ndi tchimo ndi maganizo a munthu wokhuta.

Yankho lapafupi ndi lakuti cholakwa si chigamba koma kubisa. Makaniko akanena poyera kuti "bwana, izi n'zongogwirizira, mvula ikatha mubwerenso," mwini n'kuvomera, bodza palibe. Awiriwo agwirizana. Ndimavomereza, koma theka lokha.

Pajatu pikapu siyenda ndi mwini yekha. Ikakhala ya matola, mpando wakutsogolo timapatsa agogo, wodwala wopita kuchipatala, kapena mayi wa khanda. Ndi ulemu. Koma paipi ya ekizozi imadutsa kunsi komweko, ndipo pa galimoto yakale nthawi zambiri nayo imakhala itabooka. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wosaoneka, womwe umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa oxygen koposa ka 200. Magalasi akatsekedwa chifukwa cha fumbi kapena mvula, umalowera pa kampata kosamatidwa kaja n'kusowa potulukira. Mutu ukayamba kupweteka, anthu amati ndi dzuwa. Dalaivala akayamba kusinza, timati watopa. Mayi uja panalibe pomwe awiri aja ankanenerera mtengo. Sadafunsidwe.

Apa m'pomwe ndimasiyana ndi mnzangayo. Chigamba chikhale chonyansa, zilibe kanthu. Penti isafanane, riveti ioneke. Izo mwini angathe kuvomera, galimoto ndi yake. Koma mpata wolowa utsi sangauvomere m'malo mwa munthu wina, ngakhale atasainira. Ndipo pa anthu onsewa, wodziwa bwino kukula kwa mpatawo ndi mmodzi yekha, amene adagona chagada kunsi kwa galimoto ndi tochi ya foni. Ena tonsefe timangokwera.

Iye amati ndikumusenzetsa katundu wa dziko lonse pa ntchito ya ndalama zochepa. Mwina. Koma sindikuti awotcherere ulere. Ndikunena chubu chimodzi cha sealer weniweni, mphindi 30 zopala dzimbiri m'mphepete, ndi kukana kubwezera kapeti mpata usadatsekeke. Kasitomala wina adzapsa mtima n'kupita kugalaja ya patsidya, ndipo ndalama imeneyo idzapita ndithu. Ana a mnzangayo sadya chikumbumtima, amadya nsima. Zimenezo sindikuzipeputsa ayi, ndipo n'zosavuta kuzilemba kwa ine amene sinditaya kasitomala.

Komabe iye akadali pomwepo, akuti wogula ndi wokwera aziyang'ana okha, si ana. Ine ndimamufunsa kuti ndi liti adaona munthu pa siteji ya matola, mwana kumsana, thumba m'manja, akuyamba wavundukula kapeti asadakhale.