Wophunzira Amene Anabwezedwa Kwao

Mwa mabuku anai a Uthenga Wabwino, la Marko ndilo lalifupi, la mitu 16 yokha, ndipo anthu ace sakhalitsa pansi. Yesu aitana asodzi, iwo nasiya makoka ao. Pa mutu 6 awatuma awiriawiri, opanda kamba kapena ndalama. Cifukwa cace ambiri amayesa kuti wophunzira weniweni ndiye wosiya kwao, monga amishoni a Dutch amene anafika ku Magwero m'caka ca 1899.

Koma pa mutu 5 pali munthu wotsutsa ganizo limeneli. Ndiye uja wa ku dziko la Agerasa, amene anali kugona kumanda ndi kudzitema ndi miyala. Atacira anapempha kutsagana ndi Yesu, koma anakanizidwa, nauzidwa kuti abwerere kwa abale ace kukawafotokozera zimene zinamcitikira. Kodi pamenepa anapatsidwa nchito yocepa?

Wokhala m'makomboni a Lusaka sangavomere. Mzindawu utakhala likulu m'caka ca 1935, anthu anadza kudzafuna nchito kucokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndi ku Nyasaland. Ambiri amene anafika ndi nyimbo ndi mapemphero ku Matero ndi ku Kanyama sanali abusa ai, koma omanga nyumba, ophika ndi alonda, ndipo owamva anali anansi ao.

Kulalikira kwa mnansi n'kobvuta. M'komboni makomo amayang'anana, mpopi ndi umodzi, cimbudzi n'ca mabanja angapo. Mlaliki wocokera kutali amaweruzidwa ndi mau ace okha; koma mnansi amaweruzidwanso ndi ngongole yace ya pakantemba, ndi zimene ananena kwa mkazi wace usiku, pakuti khoma la zidina silisunga cinsinsi. Asodzi aja anapita kumene mbiri yao sinali kudziwika, ndipo analoledwa kusansa pfumbi ndi kucoka ngati akanidwa. Mgerasa anatumidwa kwa anthu omwewo amene adammanga ndi maunyolo. Iye analibe kwina kosansira pfumbi.

Mabishopu a Katolika a kum'mawa kwa Afrika, posonkhana ku Nairobi m'caka ca 1973, anabvomereza timagulu ta Akristu oyandikana nyumba, tosonkhana m'makomo mwao. Ena angati iyi ndi njira ya aulesi oopa ulendo, ndipo nthawi zina amanena zoona: alipo amene amacha kukhala cete kwao umboni. Koma Mgerasa sanakhale cete. Anabukitsa mbiriyo m'Dekapoli. Anthu a kwao adapempha Yesu kuti acoke m'dziko lao. Koma pa mutu 7, Iye atadzeranso m'malire a Dekapoli, anthu anamtengera munthu wogontha kuti amciritse. Marko sanena amene anawauza. Za khumi ndi awiri aja akunena poyera pa mutu 14, kuti mmodzi anampereka, ndi otsalawo anathawa onse.