Kodi Kusunga Zokolola N'kukayika Mulungu?

Masika afika, ndipo m'makomo ambiri ntchito yachuluka kuposa nthawi yolima. Chimanga chikutonoledwa ndi kuyanikidwa pamphasa, mtedza wafukulidwa, mbatata zikukwiriridwa m'nkhuti. Amayi akuthyola chitambe, khwanya ndi nkhwani zisanafote, n'kuzifutsa kuti pa Okutobala, dzuwa litawotcha zonse, pakhomo pasasowe ndiwo. Ntchito zimenezi zimachitika chaka ndi chaka popanda wozifunsa. Komabe mkhristu amene amamvetsera Malembo Oyera pa Misa akhoza kudodoma. Ambuye Yezu anaphunzitsa ophunzira awo kupempha chakudya cha tsiku limodzi lokha, ndipo anawalozera mbalame zimene zilibe nkhokwe koma zimadya. Nanga banja limene likumanga matumba khumi ndi awiri, lina la mwezi uno lina la mwezi wamawa, likukhulupirira Mulungu kapena likukhulupirira matumbawo?

Funsoli si lopepuka, chifukwa Malembo enieniwo amaoneka ngati akulankhula pawiri. Pa Eksodo 16, Aisraele amene anabisa mana kuti adye m'mawa mwake anawapeza atagwa mphutsi. Pa Luka 12, munthu wachuma amene anaphwasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu anatchedwa wopusa, ndipo anamwalira usiku womwewo. Koma pa Genesis 41, Yosefe anasonkhanitsa gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola za ku Ejipito kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nkhokwe zakezo zinapulumutsa mtundu wonse pamodzi ndi abale ake omwe anamugulitsa. Pa Yohane 6, anthu zikwi zisanu atakhuta, Yezu mwini analamula kuti zotsala zitoledwe kuti pasawonongeke kanthu, ndipo zinadzaza madengu khumi ndi awiri.

Yosefe anasunga, wachuma uja anasunganso. Nkhokwe zinali nkhokwe ndithu. Chimene chinawasiyanitsa ndi yankho la funso limodzi: chakudyachi chikusungidwira yani? Wachuma wa m'fanizo lija amalankhula ndi mtima wake yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Satchula mkazi, mwana, wantchito amene anamulimira, ngakhale mnansi. Yosefe anasunga ali ndi anthu m'maganizo, ndipo njala itafika anatsekula nkhokwe. Mana aja anawola chifukwa Mulungu anali atalonjeza kuwagwetsa m'mawa uliwonse, tsono wobisa anali kukana lonjezo. Koma ku Malawi kuno mvula imagwa nyengo imodzi, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo mabanja ambiri amakolola kamodzi pachaka. Mulungu amapereka chakudya cha miyezi khumi ndi iwiri m'masabata ochepa. Wochisamala ndiye walandira mphatsoyo monga momwe yaperekedwera. Wochisiya kuti chifumbwe, n'kumati Mulungu adzaona, akumuyesa Mulungu.

N'chifukwa chake luso la pakhomo lili ndi mbali yake m'moyo wachikhristu. Chimanga cholowetsedwa m'thumba chisanaume bwino chimachita chuku, ndipo chuku china cha m'chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono, osaoneka ndi maso. Mayi amene amaluma njere kuti amve ngati yauma gwa, amene amasankha mtedza wowola n'kuutaya m'malo mousinja kuti alowetse m'phala la mwana, akuteteza moyo. Chimodzimodzi bambo amene amaika matumba pamitengo kuti asakhudze pansi kapena khoma, amene amathira mankhwala a nankafumbwe motsata muyeso wolembedwa, kapena kugula matumba a PICS amene salowa mpweya, tizilombo n'kufera momwemo popanda mankhwala. Agogo amene amawiritsa masamba pang'ono, kuwayanika, n'kuwamanga m'chikwatu cha masamba a masuku chopachika pamwamba pa moto, akuchita zomwe zija za madengu khumi ndi awiri. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anakumbutsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cholimidwa padziko limatayika, ndipo anati kutaya chakudya kuli ngati kubera osauka. Thumba limene lasanduka ufa wa nankafumbwe chifukwa cha mphwayi lili m'chiwerengero chimenecho.

Benedict Woyera, amene analemba malamulo a amonke m'zaka za m'ma 500, analamula wosunga katundu wa nyumba ya amonke kuti aziona ziwiya zonse ngati ziwiya zopatulika za paguwa. Ngati zili choncho, lichero, mtondo, mphika ndi chipande si zinthu zonyozeka. Ntchito ya pakhomo ili ndi vuto lakuti imaoneka pokhapokha yalephera. Palibe amene amayamika mfutso tsiku limene ukumangidwa. Umakumbukiridwa tsiku limene ndiwo zasowa. Ndipo poti yambiri mwa ntchitoyi imagwera amayi ndi ana aakazi, chilungamo chikufuna kuti amene anayanika ndi kupeta akhale ndi mawu pa nkhani yogulitsa. Bambo amene amatulutsa thumba mwakachetechete kuti akamwere, kapena kugulitsa theka la zokolola osakambirana ndi mkazi wake, waba m'nyumba yake yomwe, ngakhale munda utakhala wake.

Apa mpofunika kusamala poweruza. Mabanja ambiri amagulitsa chimanga kwa mavenda mu Meyi ndi Juni, mtengo uli pansi, n'kudzachigulanso mu Januwale ndi Febuluwale chitakwera kwambiri. Ena amatero chifukwa cha kususuka, koma ochuluka amatero chifukwa fizi ya mwana yafunika, wodwala ali kuchipatala, kapena ngongole ya feteleza yafika pakhomo. Wotereyu si wopusa wa m'fanizo. Amene ayenera kudzifunsa kwambiri ndi wogulayo. Kugula pa masika n'kusunga si tchimo, pakuti wosungayo amalipira matumba, mankhwala ndi malo, ndipo phindu loyenera ndi lake. Koma wogula ndi sikelo yobera kapena ndowa yophwanyidwa kuti ikule, komanso wotseka chimanga dala kudikira kuti anthu afike posauka ndi njala mtengo ukwere, wasandutsa nkhokwe kukhala msampha. Basil Woyera anakumana ndi anthu otere pa njala imene inagwa ku Caesarea cha m'ma 369. Iye analalikira za fanizo lomwe lija la wachuma, n'kuwauza poyera kuti chakudya chimene akutsekera ndi cha anjala, ndipo mwiniwakeyo anagulitsa chuma chake kuti adyetse anthu.

Funso lovuta koposa limabwera mu Febuluwale. Banja linasamala, linadzimana, ndipo latsala ndi matumba awiri okwanira kufika pa chimanga chachiwisi. Kenaka mnansi wafika ndi kambale m'manja. Mwina ndi wamasiye amene munda wake unakokoloka; mwina ndi uja anagulitsa zonse pa masika anthu akumuchenjeza. Kodi banjali lili ndi udindo wotani? Thomas Aquinas Woyera, m'zaka za m'ma 1200, anasiyanitsa zinthu ziwiri: zimene munthu akufunikira kuti iye ndi amene akuwalera akhale ndi moyo, ndi zimene zapitirira pamenepo. Zoyambazo kholo silikakamizidwa kuzipereka, chifukwa ana ake ndi udindo umene Mulungu anayamba kulipatsa. Zotsalazo ndi mangawa kwa osowa, ndipo pamene moyo wa munthu uli pachiswe, umwini wa katundu umagonja. Mpingo umaphunzitsa zomwezo mpaka lero: munthu ali ndi ufulu wokhala ndi zake, koma zabwino za dziko lapansi Mulungu anazilengera anthu onse.

Chiphunzitsochi sichiwerengera banja mbale zoti lipereke. Chimangochotsa zifukwa ziwiri zodzikhululukira. Choyamba ndi chakuti wopemphayo anazifuna yekha. Zikhoza kukhala zoona, ndipo kumulangiza n'koyenera, koma ana ake sanagulitse chimanga, ndipo njala imawapweteka chimodzimodzi. Chachiwiri ndi mantha opanda malire. Mtima wa munthu ukhoza kutcha chilichonse kuti n'chofunikira, ngakhale matumba makumi atatu, chifukwa mawa sadziwika. Zoonadi, chakudza sichiyimba ng'oma: amene anaona njala ya 2002, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndi chilala cha 2024 chimene chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, sangaseke wosunga. Koma zaka zomwezo zinaonetsa kuti nkhokwe imakokoloka, ndipo ambiri anapulumukira m'manja mwa anzawo. Makolo anati kupatsa n'kuika. Banja lopanda mnansi wolikumbukira silili pabwino, ngakhale litadzaza chipinda.

Tsono nthawi yabwino yoyankha mnansi wa mu Febuluwale ndi ino ya masika, matumba akadali ambiri ndipo mtima sunagwidwe mantha. Banja likhale pansi, mwamuna ndi mkazi pamodzi, liwerengere chakudya cha chaka, mbewu, zogulitsa, chopereka cha masika ku tchalitchi, ndiponso gawo la wosowa, lipatulidwe ndi kudziwika kuti si lawo. Chopatulidwa kale sichipweteka pochipereka. Miphakati nayo ikhoza kusonkha mbale imodzi imodzi pabanja tsopano, n'kusankha anthu awiri kapena atatu okhulupirika oti asunge ndi kulemba m'kope, kuti okalamba ndi odwala a m'dera lawo asadzayende khomo ndi khomo mvula ikugwa. Wofutsa ndiwo amange zikwatu zitatu m'malo mwa ziwiri, ndipo aphunzitse mwana wake kumanga kwake, wamkazi ndi wamwamuna yemwe.