Marjan, mbuna ndi ngalande zathu za ku Area 23



Mu Surat Ar-Rahman, pamene Allah Subhanahu wa Ta'ala akutikumbutsa madalitso Ake, akutchulapo marjan. Ambirife tidaloweza liwu limeneli ku madrassa osafunsa kuti ndi chiyani. Marjan ndi mwala wamoyo wa m'nyanja ya mchere. Umamangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono, ndipo m'matanthwe otere nsomba zimabisalamo ndi kuswanamo. Madzi akatentha mopitirira muyeso, matanthwewa amayera mbuu, kenako n'kufa.

Wina anena kuti, "Akhi, ife nyanja ya mchere tilibe." Zoona. Koma nafenso Allah adatisungitsa amanah yathu. M'miyala ya m'nyanja ya Malawi muli mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija. Ndi chifukwa cha nsomba zotere kuti mu 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 UNESCO idaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Asayansi adapeza kuti mitundu ina ya mbuna imapezeka pa chilumba chimodzi basi, kwina kulikonse kulibe. Zimadya ndere za pa miyala, ndipo yaikazi imafungatira mazira m'kamwa mpaka ana ataswa. Subhanallah!

Nanga ife a kuno zikutikhudza bwanji? Tatsatirani madzi a mvula. Jumbo, botolo, thewera la mwana ndi dothi lokokoloka zimene zalowa m'ngalande zathu zimatsikira mu mtsinje wa Lilongwe. Lilongwe amakathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima, pafupi ndi zilumba za Maleri, zomwe zili mbali ya paki ija. Matope akakwirira miyala ndere sizimera, mbuna zimasowa chakudya. Ayah 41 ya Surat Ar-Rum ikunena za kuonongeka kwa pamtunda ndi panyanja, ndipo mlandu wake ikuuika pa manja a anthu. Ine ndikaiwerenga sindiganiza za mafakitale akunja okha ayi. Ndimaona dzanja limene langochita wudhu likuponya jumbo m'ngalande pakhomo pa mzikiti.

Ku Salima komweko, pa chilumba cha Mbenje, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kuti nsomba ziswane. Uthenga unkafika kwa msodzi aliyense popanda foni. Ife lero tili ndi WhatsApp, Facebook ndi Radio Islam, koma bando imathera pa mpira ndi mikangano ya magulu.

Kwa inu oimba nasheed ndili ndi pempho. Za imfa ndi manda mumaimba bwino, Allah akulipireni. Koma ya nyanja ili kuti? Ya kasawala wogwidwa ndi neti yoteteza udzudzu asanakule kukhala chambo ili kuti? Nanunso amene mukuphunzira za nsomba ku Bunda, musabise ilimu m'makope. Jambulani kavidiyo ka mphindi imodzi, m'Chichewa kapena m'Chiyao, kakuti mayi wogulitsa usipa pa msika amve.

Mtumiki Swalla Allahu alayhi wasallam adatiphunzitsa kuti kuchotsa choipa panjira ndi gawo la imaan. Loweruka lino, Insha Allah, tikamaliza Swala ya Fajr tiyambire ngalande ya pa mzikiti. Bwerani ndi thumba ndi fosholo, ndipo amene ali ndi foni ya kamera yabwino asaisiye.