Kuvulala pa Masewera a Gofu ndi Machiritso Osafuna Opaleshoni

Gofu ndi masewera amene munthu angayambe ali mwana n'kudzawasiya imvi zili mbuu. Mulibe kuthamangitsana, kugundana kapena kupondana monga zimakhalira mu mpira wamiyendo, n'chifukwa chake ambiri amawayesa masewera opanda ngozi. Komatu madokotala a mafupa ndi akatswiri a mafizo amalandira osewera gofu ambiri ndithu, wina akudandaula msana, wina chigongono, wina phewa. Kuvulala kwa mu gofu kumayamba ngati kutopa wamba, kumakula mwakachetechete, ndipo mwini wake amadzadzidzimuka tsiku limene walephera kuwerama kuti amange nsapato. Mavuto ambiri oterewa amatha popanda opaleshoni, malinga munthu adziwe gwero lake, aleze mtima, ndipo alimbitse thupi m'malo mongolitontholetsa ndi mankhwala.

Gwero la vuto

Kumenya mpira kamodzi, kuchokera pamene ndodo yanyamuka mpaka itamaliza kuzungulira, sikukwana masekondi awiri. M'kanthawi kochepako thupi limapotokera mbali imodzi, kenako limabwerera mwamphamvu kulowera mbali inayo, ndipo mutu wa ndodo umatha kuthamanga makilomita 150 pa ola kapena kuposerapo. Ofufuza anapeza kuti mphamvu imene imapanikiza mafupa a m'munsi mwa msana panthawiyi imatha kuwirikiza ka 8 kulemera kwa wosewerayo.

Thupi lathanzi limaipirira mphamvu imeneyi. Chimene chimaligonjetsa ndi kubwereza, ndiponso kubwerezako n'kwa mbali imodzi yokhayokha. Pabwalo loyeserera munthu amatha kumenya mipira 100 mu ola limodzi, yonse popotokera komwe kuja. Minyewa yolumikiza minofu ku mafupa ili ngati chingwe cha pachitsime: sichiduka tsiku limodzi, chimaperepeseka ulusi umodziumodzi. Akatswiri a masewerawa amavulala kwenikweni chifukwa chochulutsa kuyeserera. Osewera wamba amavulala chifukwa cha kamenyedwe kolakwika komanso thupi losakonzeka: munthu wakhala pampando mu ofesi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka m'mawa watsika m'galimoto n'kuyamba pomwepo kumenya ndi mphamvu zake zonse.

Nthaka nayo ili ndi mbali yake. Ku Malawi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, malo osathiriridwa a m'mabwalo a ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi kwina amauma gwaa. Ndodo ikagunda nthaka yotere isanakhudze mpira, kugwedezeka konse kumathera m'dzanja ndi m'chigongono.

Msana

Ululu wa m'munsi mwa msana ndiwo umavuta osewera ambiri kuposa china chilichonse. Mafupa a chigawo chimenechi anapangidwa kuti aziwerama ndi kuweramuka, koma kupotoka amapotoka pang'ono chabe. Ntchito yopotoka ndi ya mfundo za m'chiuno ndi msana wa kumtunda, wa pachifuwa. Ziwalo zimenezi zikauma chifukwa chokhalitsa pansi, m'munsi mwa msana ndimo mumasenza ntchito yosakhala yake. Zotsatira zake minofu imakokeka, timfundo ta pakati pa mafupa timatupa, ndipo nthawi zina kachinthu kofewa kokhala pakati pa mafupa awiri kamafufuma n'kupanikiza mtsempha, ululu n'kumatsikira m'mwendo.

Kale odwala msana ankauzidwa kugona pabedi masiku ambiri. Masiku ano zikudziwika kuti kugona kotere kumachedwetsa kuchira, chifukwa minofu imafooka ndipo msana umaumiratu. Wodwala ayenera kusiya gofu kwa kanthawi koma apitirize kuyenda ndi kugwira ntchito zopepuka. Kuthowa ndi nsalu yonyika m'madzi ofunda kumamasula minofu yokungika. Ululu ukayamba kuchepa, katswiri wa mafizo amaphunzitsa masewera olimbitsa minofu ya pamimba, ya m'mbali ndi ya m'matako, pamodzi ndi ena ofewetsa chiuno. Anthu ambiri amapeza bwino pasanathe milungu 6. Ngakhale kachinthu kofufuma kaja nthawi zambiri kamaphwa kokha pakapita miyezi.

Chigongono

Minofu yoyendetsa dzanja ndi zala imamangirira pa timafupa tiwiri totumphuka pachigongono, kena chakunja, kena chamkati. Ululu wa chamkati amautcha golfer's elbow, wa chakunja tennis elbow, ndipo mwa osewera gofu wamba wachiwiriwu ndiwo umapezeka kawirikawiri, makamaka pamkono wotsogola, umene kwa munthu wogwiritsa ntchito dzanja lamanja ndi wamanzere. Wodwalayo amamva kuwawa akamapereka moni wa m'manja, akamapotoza chitseko kapena akamanyamula ketulo.

Mfundo yofunika apa ndi yakuti vutoli likakhalitsa silikhalanso la kutupa. Mnyewa umakhala utaperepeseka, ndipo mnyewa woperepeseka sulimba ndi kupuma kokha. Umafuna kupatsidwa ntchito yoyenera msinkhu wake, yowonjezereka pang'onopang'ono. Njira yodziwika ndi iyi: mkono umagonekedwa patebulo, dzanja likulendewera kumapeto, chikhatho chitayang'ana pansi, litagwira botolo la madzi la theka la lita. Dzanja linalo limathandiza kukweza botololo, kenako dzanja lodwala limalitsitsa lokha mosafulumira. Izi zimachitika ka 10 kapena ka 15, maulendo atatu, ndipo kulemera kumawonjezedwa mnyewa ukamalimba. Ngati ululu uli chamkati, chikhatho chimayang'ana kumwamba. Kalamba komangidwa chakumunsi pang'ono kwa chigongono kamachepetsa kukoka kwa minofu pamalo owawawo. Kuchira kumatenga miyezi, nthawi zina chaka chathunthu, koma ochuluka amachira osaona mpeni wa dokotala.

Dzanja, phewa, bondo ndi nthiti

Pamfundo ya dzanja minyewa imatupa chifukwa chofinya ndodo mopitirira muyezo kapena chifukwa chogunda nthaka, ndipo ululu umamveka m'munsi mwa chala chachikulu kapena kumbali ya kachala kakang'ono. Chomangira dzanja kuti lisagwedezeke kwa milungu yochepa, kenako mafizo, zimathetsa vutoli mwa anthu ambiri. Koma pali kafupa kena kakang'ono m'chikhatho, pamene pamatsamira nsonga ya chogwirira cha ndodo, kamene kamatha kuthyoka ndodo ikagunda muzu kapena mwala. Kafupa kameneka sikaoneka bwino pa X-ray wamba ndipo kawirikawiri sikalumikizika kokha, choncho ululu wosatha wa pamalo amenewa ndi wofunika kuti dokotala wa mafupa awuone.

Phewa limagwiridwa ndi minofu inayi yaing'ono imene imasunga mutu wa fupa la mkono pamalo pake. Munthu akamakula minyewa yake imayamba kutha mphamvu, ndipo wosewera amamva kuwawa akakweza mkono kapena akagonera mbali imeneyo. Mankhwala ake enieni ndi masewera okoka lamba wa labala, olimbitsa minofu imeneyi ndi ya kumbuyo kwa mapewa, pamodzi ndi kuchepetsa mtunda umene ndodo imabwerera kumbuyo.

Bondo lotsogola ndilo limalandira thupi lonse pomaliza kumenya, phazi litakhazikika pansi pamene thupi likupota. Kulozetsa phazilo chakunja pang'ono kumachepetsa kupotoka kwa bondo, ndipo kulimbitsa ntchafu ndi kuchepetsa thupi kumathandiza kwambiri amene ali ndi nyamakazi. Ongoyamba kumene gofu, amene amayeserera mopanda malire, nthawi zina amang'alula nthiti za mbali yotsogola. Nthiti yong'aluka imachira yokha munthu akasiya kumenya mpira kwa milungu 6 kapena 8.

Mapiritsi ndi jakisoni

Pa masiku awiri kapena atatu oyambirira munthu atabinya kapena atatupa, ayezi wokulunga m'nsalu, woikidwa kwa mphindi 15 kapena 20, amachepetsa ululu. Panado amathandiza ena, ndipo ibuprofen ndi diclofenac amaziziritsa kutupa. Koma mankhwala awiri omalizawa si omwa milungu yambirimbiri. Amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza BP, ndipo osewera gofu ambiri ali pamsinkhu umene matenda amenewa amafala. Chizolowezi chomeza mapiritsi awiri munthu asanayambe kusewera n'choopsa kwambiri. Ululu ndiwo umachenjeza kuti china chake chikuwonongeka, ndipo amene wautseka pakamwa amapitiriza kung'amba mnyewa osazindikira.

Jakisoni wa cortisone amakopa anthu chifukwa amagwira ntchito msanga. Kafukufuku wa ku Netherlands amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2002 anayerekeza njira zitatu zothandizira odwala chigongono chakunja. Patatha milungu 6, anthu 92 mwa 100 alionse obayidwa jakisoni anali atapeza bwino, pamene mwa ochita mafizo anali 47 ndipo mwa ongodikira anali 32. Patatha chaka zinthu zinatembenuka: mwa obayidwa jakisoni otsala ali bwino anali 69, mwa ongodikira 83, ndipo mwa ochita mafizo 91. Kafukufuku wina wa ku Australia anapezanso zofanana. Jakisoni ali ndi malo ake, monga paphewa lowawa kwambiri moti munthu sangathe n'komwe kuyamba mafizo, koma kubaya mobwerezabwereza kumafooketsa mnyewa. Njira zatsopano zodula, monga kubaya mbali ina ya magazi a wodwala yemweyo pamalo ovulala, zotsatira zake zimasiyanasiyana, ndipo palibe imene yalowa m'malo mwa kulimbitsa minofu. Kutema mphini pamalo owawa nakonso sikufika pa mnyewa wodwalawo, kumangotsegulira njira tizilombo toyambitsa matenda.

Zizindikiro zosafunika kuzengereza

Kunena kuti ambiri amachira popanda opaleshoni sikutanthauza kuti ululu uliwonse ndi wodikira. Munthu wodwala msana akayamba kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, akachita dzanzi pakati pa miyendo, kapena mwendo ukamafooka tsiku ndi tsiku, ayenera kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha yopanikizidwa motere ikachedwa kumasulidwa imawonongekeratu. Msana wowawa usiku, wobwera ndi kutentha thupi, thukuta ndi kuwonda, ungakhale chizindikiro cha TB ya m'mafupa a msana kapena khansa, ndipo m'dziko limene TB ndi yofala si nzeru kungouponyera pa gofu. Bondo lokanika kuwongoka, mkono wolephera kukwezeka munthu atagwa, ndi ululu umene sukusintha patatha miyezi ingapo ya mafizo ochitidwa mokhulupirika, zonsezi zimafuna dokotala wa mafupa.

Mbiri ya Tiger Woods imasonyeza mbali zonse ziwiri. Mu 2008 anapambana mpikisano wa US Open bondo lake lamanzere lili lovulala kwambiri, ndipo atangomaliza anachitidwa opaleshoni n'kukhala osasewera mpaka kutha kwa chakacho. Pakati pa 2014 ndi 2017 anachitidwa maopaleshoni anayi a msana, yomaliza yolumikiza mafupa, kenako anapambana Masters mu 2019. Opaleshoni inamubwezera pabwalo, koma patapita zaka za ululu ndi mafizo a tsiku ndi tsiku, ali ndi gulu la madokotala omusamalira. Wosewera wamba amene angatengere chitsanzo chosewera ali wovulala amakhala watola mbali yolakwika ya mbiriyi.

Kubwerera pabwalo ndi kupewa

Anthu ambiri amavulalanso kachiwiri chifukwa chofulumira kubwerera. Ululu umatha mnyewa usanalimbe, ndipo apa mpamene pamafunika kudekha koonetsa maso a nkhono. Wochira amayamba ndi kukankhira mpira m'dzenje ndi kumenya kwa pafupi, kenako ndodo zazifupi ndi theka la mphamvu, pambuyo pake ndodo zazitali, ndipo asewere maenje 9 asanayese 18. Ululu ukabwerera m'mawa mwake, abwerere pa sitepe imene anachoka. Ngati kamenyedwe kamene kanamuvulaza sikanasinthe, vuto lidzabweranso, choncho mphunzitsi wa gofu ndi wofunika mofanana ndi katswiri wa mafizo.

Kupewa sikulira ndalama zambiri. Mphindi 10 zoyenda mwachangu, kuzungulitsa mapewa ndi chiuno, ndi kugwedeza ndodo mopepuka zimatenthetsa minofu mpira woyamba usanamenyedwe. Chogwirira cha ndodo chikhale chokwana m'dzanja ndi chosaterereka, kuti zala zisafinye mopitirira. Potola mpira wosewera apinde mawondo. Chikwama chokhala ndi ndodo 14 n'cholemera, ndipo kuchisenza paphewa limodzi pa mtunda wa makilomita 6 kapena kuposerapo kumapweteka msana. Mfundo imeneyi ikukhudzanso anyamata onyamula zikwama za osewera, amene msana wawo ndiwo umawadyetsa. Chikwama cha malamba awiri kapena kangolo kokoka zimawateteza iwonso, ndipo eni zikwama ndiwo ali ndi udindo wogula zimenezi.

Zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi nthambi za mafizo, ndipo akatswiri a ntchitoyi tsopano amaphunzitsidwa m'dziko momwemuno ku Kamuzu University of Health Sciences. Wosewera amene wamva ululu wopitirira milungu iwiri ayenera kukaonana nawo vuto likadali laling'ono. Opaleshoni ndi ya anthu ochepa amene njira zina zonse zawakanika kapena amene ali ndi zizindikiro zoopsa zija. Kwa otsala onse, machiritso ake ndi kuchepetsa ntchito kwa kanthawi, kulimbitsa minofu mosadukiza ndi kukonza kamenyedwe.