Za kumzinda saulula

Makolo athu ankati za kumzinda saulula. Sankatanthauza kuti mwambo ufafanizidwe ayi, koma kuti uzidziwika kwa okhawo oyenera kuudziwa. Nzeru yomweyi ndiyo ikugwira ntchito m'nkhokwe zikuluzikulu za deta za pa intaneti monga Snowflake, BigQuery ndi Amazon Redshift, kudzera m'njira yotchedwa dynamic data masking.

Tiyerekeze banki yomwe ili ndi tebulo la makasitomala. Woyang'anira deta amalemba lamulo n'kuliika pa kolamu ya manambala a makhadi. Wantchito akafunsa nkhokweyo, lamulolo limayamba laona udindo umene walowa nawo. Ngati ndi wofufuza zachinyengo, nambala imatuluka yonse. Ngati ndi wolandira mafoni a makasitomala, amangoona manambala 4 omalizira, ena onse ali nyenyezi. Wowerengera malonda sangaone kalikonse. Zosungidwazo sizisintha; kuphimbako kumachitika panthawi yofunsayo basi, choncho sipafunika kukopera matebulo ambiri a magulu osiyanasiyana.

Ubwino wake ndi wakuti ntchito imayenda koma ulemu wa munthu susweka. Kuno ku Malawi, lamulo loteteza deta la 2024 likufuna chisamaliro chotere kwa aliyense wosunga mbiri za anthu.

Komabe lamulo la pa kolamu lija silidziteteza lokha. Maudindo akamangogawidwa mwachisawawa, kapena wosamutsidwa ntchito akasiyiridwa mphamvu zakale, chinsinsi chimatuluka poyera. Choncho woyang'anira aziunika kawirikawiri amene ali ndi chilolezo choona zonse, ndipo azichotsa msanga osayenera.